Bavaria idachita bwino kumanganso Hofbräuhaus

Mabomba atagumula mbali yaikulu ya Hofbräuhaus ku Munich mu 1944, boma la Bavaria likadatha kusalaza malowo n'kumangapo maofesi. Lidasankha kudzutsanso nyumba yomweramo mowayi, ndipo ntchito idatha mu 1958, mzindawo ukukwanitsa zaka 800. Ndikukhulupirira kuti lidaganiza bwino.

Poyamba mowa wake udali wa kunyumba yachifumu. Wilhelm V, wolamulira Bavaria, adakhazikitsa malo ofululirawo mu 1589, koma anthu wamba adaloledwa kumweramo mu 1828, pa ulamuliro wa Ludwig I. Ofulula atasamukira ku Haidhausen, dera lina la mzindawo, katswiri wa zomanga Max Littmann adaikonzanso nyumbayo ndipo idatsegulidwa mu 1897. Phindu lenileni la nyumbayi lili m'chipinda chapansi chotchedwa Schwemme, momwe kale ankafululiramo. Pansi pa denga lake lopindika pali matebulo aatali ndi mabenchi okwana anthu oposa 1,000. Pabenchi lotere munthu sasankha wokhala naye pafupi, choncho kalipentala, mphunzitsi ndi mlendo amagundanitsa zikho patebulo limodzi. Kamangidwe kokha ndiko kamawasonkhanitsa, ndipo mizinda yambiri ikusowa malo otere lero.

Ena amati nyumbayi ili ndi mbiri yonyansa, ndipo sakunama. Pa 24 February 1920, m'chipinda chachikulu chapamwamba, Adolf Hitler adalengeza mfundo 25 za chipani chomwe chidadzapha Ayuda mamiliyoni. Komatu kugumula khoma sikufufuta mlandu. Bürgerbräukeller, nyumba ina ya mowa komwe Hitler adayambira kuukira boma mu 1923, idagwetsedwa mu 1979, ndipo wodutsa pamalopo lero saonanso chipinda chomwe zidachitikira. Ku Hofbräuhaus mphunzitsi angathe kukwera masitepe ndi ophunzira ake n'kuwaonetsa kuti chidani chija chidaomberedwa m'manja m'nyumba yachisangalalo, pakati pa anthu wamba. Eni nyumbayo ayenera kunena zimenezi poyera, osaziphimba ndi nyimbo za malipenga.

Dandaulo loti alendo okaona malo adailanda nyumbayi ndi lopepukirapo. Magulu a eni mzinda akadali ndi matebulo awoawo, otchedwa Stammtisch, ndipo mazana a iwo amakiyira zikho zawo m'kabati yachitsulo momwemo, kudikira tsiku lokumananso.