Zimbale za ma quasar zimayezedwa ndi kudekha

Quasar ndi dzenje lakuda lalikulu la pakatikati pa mlalang'amba wakutali, lozingidwa ndi chimbale cha mpweya wotentha umene ukugweramo. Chimbalecho chimawala koopsa, koma chili patali moti palibe telesikopu yoti n'kuchijambula kuti kukula kwake kudziwike.

Njira yochiyezera ilipo. Mlalang'amba wina ukakhala pakati pa quasar ndi dziko lapansi, mphamvu yake yokoka imakhotetsa kuwala, quasar imodzi n'kumaoneka pawiri kapena panayi. Yoyamba yotere inapezeka mu 1979. Nyenyezi za mlalang'amba wapakatiwo nazonso zimakhotetsa kuwalako zikamadutsa, motero chithunzi chimodzi chimawala n'kuzilala pachokha. Akatswiri amati microlensing, ndipo inatsimikizika mu 1989 pa quasar yotchedwa Einstein Cross. Chimbale chikakhala chaching'ono kuwala kumasintha kwambiri, chikakhala chachikulu kumasintha pang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Miyeso ikusonyeza zimbale zazikulu katatu kapena kanayi kuposa mmene chiphunzitso cha akatswiri Shakura ndi Sunyaev cha mu 1973 chimanenera. Penapake pali cholakwika, kaya m'chiphunzitsomo kaya m'kayezedwemo, ndipo mkanganowo sungathe ndi masamu a pa kompyuta okha. Kuwala kwa quasar yotere kumasintha pa miyezi ndi zaka, choncho pamafunika kuiyang'ana osalekeza.

Pa ntchito yotereyi, Cape Town ku South Africa ili ndi zonse zofunika. South African Astronomical Observatory, yomwe mizu yake ndi ya mu 1820, ili ndi likulu mumzindamu ndipo imayang'anira matelesikopu a ku Sutherland. Kumeneko kuli telesikopu ya SALT, yotsegulidwa mu 2005, komanso telesikopu ya mamita 1.6 ya KMTNet imene imasaka mapulaneti pogwiritsa ntchito microlensing yomweyo.

Vuto n'lakuti opereka ndalama za kafukufuku amatengeka ndi matelesikopu akuluakulu onga MeerKAT ndi SKA, ndiponso amafuna zotsatira msangamsanga. Telesikopu yaing'ono yoyeza quasar imodzimodzi usiku ndi usiku ilibe chikoka pa nyuzi, komatu ndiyo ingathetse mkanganowu. Ogawa ndalama ndi nthawi ya matelesikopu ku South Africa apatule gawo lokhazikika la ntchito yoyang'ana ma quasar amenewa, ndipo alisunge kwa zaka khumi kapena kuposerapo.