Msonkho wokhululukidwa ku Kayelekera unali ndalama zathu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'kalasi mwanga: andale akamati boma lichepetsere makampani msonkho kuti abweretse ntchito, ife a ku Karonga tisamaombe m'manja msanga. Tinazionapo kale.

Mu 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasainirana mgwirizano ndi Paladin, kampani ya ku Australia, kuti ikumbe yuraniyamu ku Kayelekera. Ndalama imene boma limadula pa mtengo wa miyala yogulitsidwa, ija amati royalty, inayenera kukhala 5 peresenti. Paladin anaipatsa 1.5 peresenti zaka zitatu zoyamba, kenako 3 peresenti. Msonkho wa pa phindu anautsitsa kuchoka pa 30 kufika pa 27.5 peresenti. Boma linatenga masheya 15 peresenti, inde, koma masheya amabala kampani ikalengeza phindu, ndipo Paladin inkati ikungoluza.

Ena amati palibe tambala imene boma linatulutsa m'thumba. Ayi ndithu! Inu amene PAYE imakudulani malipiro asanafike n'komwe m'manja, mukudziwa kuti msonkho umene wina wakhululukidwa, wina amausenza. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengetsa kuti Malawi inataya madola a ku America oposa 43 miliyoni m'zaka 6. Zina zinapita chifukwa cha royalty yotsika ija, zambiri chifukwa ndalama zinkadutsira ku nthambi ya kampaniyo ku Netherlands kumene msonkho sunkazigwira. Choŵaŵa n'chakuti lamulo silinaphwanyidwe. Tinatsegula tokha khomo la nkhokwe.

Nanga ntchito zija? Mgodi unatsegulidwa mu 2009. Mu 2011 kunachitika ngozi ya ku Fukushima, mtengo wa yuraniyamu unagwa, ndipo mu February 2014 kukumba kunaima, anthu mazanamazana n'kubwerera kumudzi. Zaka zisanu basi. Sindikukana kuti Paladin inathandiza kukonza madzi a m'tauni ya Karonga. Koma mipopi si maluso, ndipo mnyamata wochotsedwa ntchito sangadye mpopi.

Lotus Resources inagula mgodiwu mu 2020, mu 2024 inasainirana mgwirizano watsopano ndi boma, royalty n'kubwerera pa 5 peresenti, ndipo mu 2025 ntchito inayambiranso. Ndiye kuti 5 peresenti ija inali yotheka kuyambira kale! Bwanji tinkauzidwa kuti tikalimba mtima alendo athawa?

Ine sindidana ndi kukopa amalonda. Chimene ndikukana n'kupereka popanda kulemba chobweza. Mgwirizano uzinena poyera kuti ntchito zikhala zingati, ana a m'boma lino ophunzitsidwa zamagetsi ndi zamakina akhala angati, chakudya chizigulidwa kwa alimi ati. Kampani ikalephera, ibweze msonkho wonse. Pepalalo alikhome kwa DC, m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, osati kulitsekera m'kabati ku Capital Hill monga anachitira ndi la 2007.

Komanso bwanji chifundochi chimangoona alendo? Alimi a mpunga wa kilombero ku Hara, Wovwe ndi Lufilya akhala akulemba anthu maganyu kuyambira kalekale, ndipo mtengo ukagwa sathawira ku Perth. Mwana wathu wofuna kuika chigayo chopunthira mpunga amakangopeza chiwongoladzanja chothyola msana kubanki.

Inu ophunzira anga akale amene muli ku MRA ndi ku khonsolo, mgwirizano wa 2024 munauwerengapo? Tiuzeni ndime imene ikunena za ntchito za ana a ku Karonga.