Kamzere ka pa Málaga si kokongoletsera

Okonda mpira wa La Liga amatchula maina a Chisipanishi sabata iliyonse, koma ambiri amatsindika polakwika. Chimandiwawa n'chakuti chilankhulochi sichibisa kanthu. Malembo ake amakuuza okha poyenera kutsindika.

Ife a Chichewa tili ndi poyambira pabwino. Mavawelo ndi omwewo asanu, a, e, i, o, u, ndipo mawu othera ndi vawelo, n kapena s amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe nafenso timakokera mawu. N'chifukwa chake Bar-ce-LO-na, Se-VI-lla ndi BE-tis sativuta. Dziwani kuti ll, rr ndi ch saduka pakati: ca-lle, pe-rro, mu-cha-cho.

Vuto limayamba mawu akathera ndi konsonanti ina. Pamenepo kutsindika kumapita kumapeto: Ma-DRID. Lilime lathu silizolowera phatikizo lotsekeka, ndiye timawonjezera i, n'kutuluka Madiridi. Izi sindidandaula nazo kwenikweni, lilime lili ndi kwawo.

Chondidetsa nkhawa ndi kamzere kaja. Mawu aliwonse ophwanya malamulo awiriwa amalembedwa ndi kamzere pamwamba pa vawelo yotsindikidwa. Cádiz amathera ndi z, choncho akanamveka kumapeto, koma kamzere kakuti yamba ndi CÁ. Alavés amathera ndi s, kamzere kakukokera kumapeto. Málaga ndi Córdoba amatsindikidwa pa phatikizo lachitatu kuchokera kumapeto, ndipo mawu otere salembedwa opanda kamzere. Mukakachotsa, tanthauzo lenilenilo limatha kusintha: papa ndi mbatatesi, papá ndi bambo. Termino ndi ndikumaliza, terminó ndi anamaliza, término ndi malire. Malembo ndi amodzimodzi, mawu ndi atatu.

Kwathu kuno mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, wowerenga amadzionera yekha m'chiganizo. Anzathu a Chisipanishi anasankha kumuthandiza wowerenga. Bungwe la Real Academia Española, lomwe linakhazikitsidwa mu 1713, lakhala likukonza malamulo a kalembedwe, ndipo buku lake la 2010 linachepetsa zilembo kufika pa 27, koma kamzere ka pa Málaga silinakakhudze.

Ndiye tikamakataya chifukwa chofulumira pa kompyuta, tikumulanda wowerenga chinthu chomwe eni chilankhulo anamupatsa kwaulere. Mwana amene akumva dzina pa wailesi amalitenga momwemo n'kukula nalo.

Alembi a zamasewera, kamzereko kalembeni. Owulutsa mpira, musanatsegule maikolofoni yang'anani kaye pomwe kakhala.