M'mera Mpoyamba: Za Galimoto ya Mawaya ndi Ngolo Yake

Makolo athu ankati m'mera mpoyamba. Mwambi umenewu timakonda kuunena pa nkhani ya makhalidwe a ana, koma ine ndikuona kuti ukukhudzanso luso la manja. Lero ndikufuna tikambirane za galimoto ya mawaya, chinthu chimene ambiri amachiyesa chibwana chabe.

Kuno ku Mkanda, nyengo yogulitsa fodya ikafika, malole amanyamula mabelo kupita ku misika ya fodya ya Chinkhoma ku Kasungu ndi Kanengo ku Lilongwe. Anyamata a pa msika amaima n'kumayang'anitsitsa malolewo, ndipo pakapita masiku ochepa mumaona lole yofanana nayo ikuyenda pa fumbi, yaing'ono ngati nkhuku, ikukoka ngolo yake pambuyo. Ena amaumba ngolo ya ng'ombe ndi dongo, ena amagwiritsa ntchito mapesi a chimanga. Onsewo palibe amene anawapatsa pulani.

Amene sanayesepo kupanga chinthu chotere asafulumire kuchipeputsa. Mwana amayamba wawongola waya pa mwala, kenaka amapinda chimango. Mateyala amawapanga ndi zitsekerero za mabotolo kapena tizitini ta polishi, ndipo amamanga mfundo zonse ndi malegeni odulidwa ku chubu chakale cha njinga. Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa ngolo yokoka. Ngati mutu wa lole uli wa utali wa chikhatho chimodzi, ngoloyo iyenera kukhala ya zikhatho ziwiri kapena zitatu, apo ayi anzake amuseka kuti wapanga chinthu chopanda maonekedwe. Mateyala akasiyana kukula, ngolo imapendekeka. Polumikizira pakamangidwa molimba kwambiri, ngolo imakana kukhota; pakalekerera, imathawa pa chitunda. Mwanayo amamasula, amamanganso, mpaka zitheke. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi ndinaona kuti phunziro lofanizira kukula kwa zinthu, lija timati sentimita imodzi pa mapu ikuimira makilomita akutiakuti, limavuta ana ambiri pa bolodi. Komatu mnyamata wopanga lole ya mawaya amakhala atalidziwa kale phunzirolo ndi zala zake, ngakhale sadziwa dzina lake. Wachepetsa chinthu chachikulu popanda kusokoneza kugwirizana kwa ziwalo zake. Imeneyi ndi ntchito yomwe amisiri olemba mapulani a nyumba ndi milatho amalipidwa nayo.

Chodabwitsa n'chakuti alendo anaona msanga mtengo wa luso limeneli. M'chaka cha 1990, mayi wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna mawaya kuti apange galimoto yake. Ana a kutsidya kwa nyanja anaphunzira mawu a Chichewa amenewa kudzera m'bukulo. Tikumbukirenso William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma loyandikana nalo la Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga. Buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, ndipo kanema wake mu 2019. Mtima woona chuma pa dzala ndi womwewo umene uli mwa mnyamata wa galimoto ya mawaya.

Nanga ife eni ake tikuchita nazo chiyani? Kholo likapeza kangachepe limathamangira ku golosale kukagula galimoto ya pulasitiki, poganiza kuti likumukweza mwanayo. Galimoto yogulayo ikathyoka, mwana amalira n'kudikira ina. Ya mawaya ikathyoka, mwini wake amakhala pansi n'kuikonza, chifukwa akudziwa mfundo iliyonse. Ana awiriwa akuphunzira zinthu zosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kudzaonekera akadzakula.

Ndikudziwa madandaulo a makolo ena. Amati ana otere amadula mawaya a mipanda ya eni ake, amajomba kusukulu, ndipo amadzicheka. Madandaulowa ali ndi pake, ndipo mwana wodula mpanda wa mnansi ayenera kudzudzulidwa ndithu. Ayeneranso kuuzidwa momveka kuti waya wa magetsi sakhudzidwa, chifukwa umapha. Koma mankhwala a vutoli ndiwo kumupatsa mwanayo waya wakale wa pakhomo ndi kumuikira nthawi: sukulu m'mawa, ntchito za pakhomo, kenaka msonkhano wake ndi mawaya pansi pa mtengo wa mango.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, pempho langa ndi lakuti galimoto zimenezi zilowe m'kalasi. Mwana ayeze lole yake ndi rula, alembe miyeso, awerengere kuti lole yeniyeni ikuiposa kangati. Atsikana nawo apatsidwe waya, pakuti palibe mwambo wa makolo umene unati manja a mwana wamkazi sapinda chitsulo. Dziko lathu linakhazikitsa bungwe la TEVETA mu 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito za manja, ndipo sukulu ya zaumisiri ya Namitete ili pa msewu wathu womwewu wopita ku Lilongwe. Koma sukulu zoterezi zimangonola luso limene linamera kale pakhomo.

Choncho mukakumana ndi kamnyamata kakuyendetsa lole yake ndi chiwongolero chachitali, musakathamangitse pa njira. Imani, yang'anani polumikizira ngoloyo, ndipo mukafunse mmene kanapangira. Mudzamva yankho la mmisiri.