Maphunziro Olipiridwa ndi Maseŵera a pa Kompyuta: Mphatso Kapena Nyambo?

Pali anthu ena, makamaka aja ongoombera m'manja chilichonse chochokera kutsidya kwa nyanja, amene akutiuza kuti makoleji a ku America aonetsa nzeru zakuya pomalipirira maphunziro a anyamata ndi atsikana odziŵa maseŵera a pa kompyuta. Ife tikuti ayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mchitidwewu unayamba m'chaka cha 2014 pa koleji ya Robert Morris mumzinda wa Chicago, pamene akuluakulu a pasukulupo analengeza kuti akatswiri a seŵero la League of Legends adzawachotsera mpaka theka la ndalama za sukulu, zogona ndi zakudya. Tamvetsani bwino: theka. Theka linalo mwana ndi makolo ake anayenera kulifuna okha, kapena kuloŵa m'ngongole. Kodi imeneyi ndi mphatso, kapena ndi nyambo ya msodzi wofuna kudzaza bwato? M'chaka cha 2016 University of California ya ku Irvine inatsegula malo apadera a maseŵeraŵa, ndipo makompyuta ake anachokera ku kampani yogulitsa makompyuta ya iBuyPower. Wamalonda sapereka chinthu kumene sadzakololako.

Sitikudana ndi maseŵera. Bawo amanola nzeru, mpira umalimbitsa thupi. Koma bawo alibe mwini wake: mukumba maenje pansi pa mtengo, mutola nkhomo zanu, basi mwayamba, ndipo palibe munthu amene angadzuke m'maŵa n'kulamula kuti bawo watha. League of Legends ndi katundu wa kampani ya Riot Games. Kampaniyo ndiyo imasintha malamulo a seŵerolo pamene yafunira, ndipo koleji ingotsatira ngati mlendo pamudzi pa eni.

Amene akuti tikungonena zamantha afunse zimene zinachitikira mpikisano wa Heroes of the Dorm. Kampani ya Blizzard inauyambitsa m'chaka cha 2015, ndipo mphotho ya opambana inali ndalama zolipirira maphunziro awo. Mu December 2018 kampani yomweyo inauthetsa. Ophunzira amene anachezera usiku akukonzekera anatsala manja ali m'khosi, ndipo panalibe mphunzitsi kapena kholo limene likadasintha chigamulocho.

Ngakhale bungwe la NCAA, loyang'anira maseŵera a m'makoleji a ku America, m'chaka cha 2019 linasankha kusaloŵerera m'maseŵeraŵa. Chaka chomwecho Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse linaika pa mndandanda wa matenda vuto la kuseŵera mosadziletsa mpaka kutaya ntchito, tulo ndi maphunziro. Inde, si woseŵera aliyense amene amadwala, koma kodi ndi ntchito ya koleji kulipira mwana kuti akhale maola ambirimbiri pa chinthu chotere?

Nanga koleji ija ya Robert Morris, imene inayamba zonsezi? M'chaka cha 2020 inamezedwa ndi Roosevelt University, ndipo inaleka kukhala koleji yodziimira payokha.