Magalasi mwagula, nanga sopo wavuta pati?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndikufuna ndikangane ndi eni majimu. Malo olimbitsira thupi achuluka m'matauni mwathu, ena m'mashopu akale, ena m'magalaja, ndipo nzabwino ndithu poti BP ndi shuga zatipanikiza. Koma munthu wolipira pamwezi kuti akhale wathanzi asamachokeko ndi zipere pamsana.

Ine ndimagulitsa usipa ndi tomato mumsika. Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ife tidauzidwa kuika ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo ogulitsa zophikaphika m'malo ambiri adaletsedwa kaye. Tidamvera, phindu lathu lili lochepa chomwecho. Nanga inu abwana, amene mumatolera ndalama za mwezi wathunthu munthu asanagwire chitsulo n'chimodzi chomwe, chikukuvutani n'chiyani?

Magalasi mwagula, khoma lonse mbee. Masipika mwagula, nyimbo zikumveka mpaka kumsewu. Koma taonani benchi: chikopa chidang'ambika kalekale, siponji ili pamtunda, ikumwa thukuta la aliyense kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku. Siponji simungaipukute, abwana, imangosunga. Tizilombo toyambitsa zipere timakonda malo ofunda ndi onyowa, ndipo timatsalira pa mati, pa tawulo ndi pansi m'bafa. Tomweto ndi tomwe timayabwitsa ndi kusupula khungu pakati pa zala za kumapazi. Toyambitsa zithupsa nato timangofuna kabala kakang'ono, monga pomwe wadzicheka pometa, basi talowa.

Mukafunsidwa mumati mamembala ndi amene ali auve. Pena mukunena zoona. Pali azibambo ena, a zifuwa ngati khomo la tchalitchi, amene amadzuka pabenchi n'kuisiya ili chonyowa, osacheuka n'komwe. Achimwene, tawulo si ya azimayi okha ayi. Komabe munthu apukuta ndi chiyani pomwe palibe nsalu kapena botolo la mankhwala? Ndipo akakana kupukuta, womuuza ndani, ine kapena inu amene mudalandira ndalama yake?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya wokonza. Mnyamata mmodzi yekha, yemweyo pageti, yemweyo wotumidwa kukagula magetsi, kenako mumpatse mopu imodzi. Mopu yomweyo ikolope kuchimbudzi, ibwere ikolope pomwe ife timagona chagada pochita za pamimba. Mlandu si wake. Palibe adamuuza kuti Jik amasungunulidwa m'madzi motsatira zolembedwa pabotolo, kuti pamalo pafunika pakhale ponyowa kwa mphindi zingapo asanapukute, kapena kuti kumusakaniza ndi mankhwala ena otsukira kumatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa. Magolovesi alibe. Fungo likakula mumangomutuma kupopera zonunkhiritsa, ngati tizilombo timafa ndi pefyumu. Tsegulani mawindo!

Za kuti madzi adasiya musatiuze. Amayi ophika nsima mumsika amasunga dilamu, inunso gulani.

Inu mamembala anzanga, mukabwera pa benchi langa mumanunkhiza usipa, kutembenuza tomato mmodzimmodzi, kudandaula ngakhale kabanga kakang'ono. Mwezi uno ukatha, musanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, pemphani kaye muone bafa ndi chimbudzi, kenako muwafunse abwanawo kuti mopu ali nazo zingati.