Zida zigulidwe, koma anthu akuona

Inu a ku Tsangano ndi Macanga, nkhondo simunaimve pa wailesi cabe. Mtendere usanabwere mu 1992, ambiri munathawira ku Ntcheu ndi Dedza, minda n'kumera thengo. Tsono a cipani akamati dziko ligule zida zambiri, cherani khutu.

Pena akunena zoona. Kuyambira 2017 zigawenga zapha anthu ku Cabo Delgado, ndipo mu 2021 Mocímboa da Praia inalanditsidwa mothandizidwa ndi asilikali a Rwanda. Kodi tidzadalira mfuti za alendo mpaka liti? Nawonso maiko a NATO, poona nkhondo ya Russia ndi Ukraine, anagwirizana mu 2025 kuonjezera ndalama za citetezo.

Koma ife tinapsa kale. Mu 2013 ndi 2014 makampani a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni, ati ogulira mabwato ophera nsomba ndi olondera gombe. Boma linaikira kumbuyo ngongolezo popanda cilolezo ca Assembleia da República. Zitaululika mu 2016, maiko otithandiza anaumitsa dzanja, metical inagwa, sopo ndi feteleza zinakwera mtengo. Mabwato a nsombawo anacita dzimbiri padoko la Maputo. Analipira ndani? Inu, alimi a mbatata ndi fodya.

Pamsonkhano imirirani mufunse: zidazo n'za ndalama zingati? Madeputado anu adzaona mapepala ake asanavomereze? Akayankha ndi nyimbo ndi kapulana basi, kapulanayo landirani. Povota mudzakhala nokha.